Dzino la a Banaba, Omata Maboti

Linali Lachinayi m'mwezi wa Juni, nthawi itangopitirira teni koloko m'mawa, pamene amuna anga a Banaba anaika pansi nyundo yawo n'kundipempha madzi akumwa. Anali pansi pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba yathu, pamene ankagwirira ntchito yawo yomata maboti. Mwera unkaomba, ndipo asodzi ambiri sanalowe m'nyanja. Ndinapita kukatunga madziwo mumtsuko. Pobwerera ndinawapeza atatsamira boti la eni ake, chipewa chili pabondo, ngati munthu amene akuganizira poyambira ntchito. Ndinawaitana kawiri. Anali atapita.

Chaka chakwana tsopano. Ana akuti ndilembe zimene ndikukumbukira za bambo awo kuti adzukulu adzawerenge. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndilemba mmene ndimayankhulira.

Masana a tsiku limenelo, amayi a m'mudzi atadzaza m'nyumba kulira, ine ndinadzuka pamphasa n'kulowa kuchipinda. Anthu ankayesa ndikukalirira pandekha. Ayi, ndinkakafuna dzino. A Banaba ankanena nthawi zonse kuti mano awo anachita kubwereka kwa Mulungu, ndipo adzakabweza onse osaperewera ngakhale limodzi. Ankanena akuseka, koma mumtima mwawo inali nkhani yeniyeni. Tsono panali dzino limodzi limene silinalinso m'kamwa mwawo. Linkakhala m'kabotolo, ndipo ndinawalonjeza kuti tsiku la maliro awo ndidzaliika m'bokosi. Ndinapisa dzanja pamwamba pa khoma pamene kabotoloko kankakhala. Ndinangopeza fumbi ndi ndowe za buluzi.

Kuti mumve bwino za dzinoli, ndiyambe ndafotokoza za mwini wake.

A Banaba anabadwira m'mudzi muno, kufupi ndi Lungwena, m'banja la Chiangilikani lozunguliridwa ndi anansi achisilamu. Bambo awo anali msodzi, koma iwo nyanja inkawachititsa chizungulire, ndiye anasankha kukhala kumtunda n'kumakonza zimene nyanja yawononga. Anayamba ndi mabwato, kukhomerera zigamba za malata pamene pang'ambika. Kenako kutabwera maboti a matabwa, anaphunzira kulowetsa thonje m'mipata ndi kachitsulo, n'kumata pamwamba pake ndi phula wowiritsa m'chitini. Ana onse a kuno ankawatchula kuti Agogo a Phula. Zikhadabo zawo sizinayerepo chikwatiraneni.

Asodzi ankawakonda, koma ankawaopanso pakamwa. Munthu akabwera ndi boti loti thabwa lawola kale, ankayamba amukalipira asanagwire chida. Ankati bowo laling'ono limamatidwa munthu ali chiimire, koma lalikulu limaitana maliro. Ankatinso boti silitayidwa chifukwa cha bowo, koma chifukwa cha ulesi wa mwini wake.

Koma mukafunsa anthu a kuno za a Banaba, nkhani ya maboti imatha msanga, imatsala ndi ya mano. Anali ndi mano akuluakulu, oyera, oyalana bwino ngati chimanga cha pachulu. M'mawa uliwonse ankazungulira pabwalo ndi mswachi wa muzu umene ankakakumba okha kuphiri, ndipo odutsa ankawapatsa moni mswachiwo uli m'kamwa. Loweruka ankasinja makala n'kusakaniza ndi mchere, kukonzekera Lamulungu. Kukwaya ankayasamula kwambiri moti amayi ankati a Banaba saimbira Mulungu yekha, amaonetsanso katundu. Ulusi wa ukonde ankadula ndi mano. Nzimbe ankasenda ndi mano. Paukwati anyamata akasowa chotsegulira mabotolo, ankangoti, kaitaneni Agogo a Phula. Pa zithunzi zonse zimene tili nazo, ife tonse tatseka pakamwa ngati tili pamlandu, iwo okha ali mwee.

Ankakonda kufotokoza mmene mano a anthu a kunyanja kuno asinthira. Ankati m'nthawi ya bambo awo nkhalamba zinkafa ndi mano afupiafupi, operepeseka ndi mchenga wa m'usipa, koma opanda mabowo. Shuga ankaoneka pa Khirisimasi kapena munthu akadwala. Kenako kunabwera magolosale. Tiyi anasanduka wa m'mawa ndi madzulo omwe. Wogulitsa akasowa chenji ankapereka masiwiti, ndipo pakhomo pa sukulu panadzaza zoziziritsa kukhosi za m'timapepala. Mano anayamba kubooka. Poyamba kunali bambo wina pamsika amene ankazula ndi pulayala yokonzera njinga, anthu awiri atagwira mutu wa wodwala. Pambuyo pake anthu anayamba kupita kuchipatala, koma nkhani inali yomweyo. Munthu ankapirira mpaka tsaya litatupa, n'kupita, n'kubwerako ndi thonje m'kamwa. Mawu amene tonse tinkawadziwa pa nkhani ya mano anali amodzi, kuzula. A Banaba ankati chipatala ndi manda a mano, ndipo iwo sadzapondako.

Ine ndinali m'gulu la ozulidwa. A kutsogolo awiri anapita Esinati, mwana wathu woyamba, ali wakhanda, ndipo ena anatsatira m'zaka za pambuyo pake. Amayi akuluakulu ankati mwana aliyense amatenga dzino limodzi la mayi ake. A Banaba ankakana. Ankati si ana, ndi tiyi wanga. Umenewu ndiwo unali mkangano wathu wa moyo wonse.

"Amayi a Esinati, mwathira masupuni angati?"

"Awiri."

"Awiri a chipande? Taonani supuni yaima yokha m'kapumo."

"Imwani wanu wowawayo, abambo. Wangayu mundisiyire."

"Ndikusiyirani. Koma ana musawanamizire. Palibe mwana wanga amene anabadwa dzino lanu lili m'manja."

Mnzawo wa pamtima anali Che Saidi, Msilamu wogula ndi kugulitsa usipa wouma, amene anakulira naye limodzi. Che Saidi ankakonda tiyi wotsekemera ndi mandasi kuposa ine, ndipo anatsala ndi mano anayi okha, awiri m'mwamba awiri m'munsi, osayang'anana n'komwe. Masana ankabwera pansi pa mkuyu kudzasewera bawo, ndipo ine ndinkamva zonse ndili kukhitchini.

"Che Saidi, tsekani pakamwa. Nkhuku zangazi zikufunafuna poikira mazira."

"A Banaba, mano onsewo mwatafunira chiyani chabwino? Angawa anatha ndi kudya zonona. Anuwo akhalitsa chifukwa cha umphawi."

"Umphawi umenewo ndikutafuna nawo chimanga chokazinga. Inu mumachita kuchinyambita."

"Tayani nkhomo apo, mukuchedwetsa masewera. Tsiku lanu likubwera, ndipo ine ndidzakhalapo."

Tsikulo linabweradi, a Banaba ali kale ndi imvi mutu wonse. Anayesa kubisa, koma mkazi amaona. Ndinawawotchera chimanga, anati n'chanthete. Mawa lake ndinawotcha china, anati chakhwimitsa. Nzimbe anayamba kugawira ana. Madzi a mumtsuko ankawamwera mbali imodzi, mutu atapendeketsa ngati nkhuku. Lamulungu kukwaya anaimba pakamwa potseguka theka. Nditawafunsa, anati ndi chimfine chalowa m'tsaya.

Anayesa zonse zimene anthu amayesa. Anaikapo fodya. Anavumata madzi amchere. Anapita mobisa kwa bambo wina amene ankati amatulutsa nyongolotsi za m'mano. Bamboyo ankawotcha njere za nthula pa chitsulo chamoto, wodwala n'kuyasamulira utsiwo, kenako n'kumuonetsa tinthu toyera m'beseni la madzi, ati ndi nyongolotsizo. A Banaba anabwerako akunena kuti achira. Dzuwa lisanapendeke anali atagwiranso tsaya.

M'mawa wina ndinamva fungo la phula, chonsecho panalibe boti loti limatidwe tsiku limenelo. Ndinazungulira nyumba mwakachetechete. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, m'dzanja limodzi muli kachidutswa ka galasi la njinga yamoto, m'dzanja lina muli kamtengo. Anali ataumba kampira ka thonje, atakaviika m'phula, ndipo ankakauzira kuti kazizire. Ndikuona ndi maso angawa, anakalowetsa m'bowo la dzino n'kukanikiza ndi chala.

"Abambo a Esinati, mukutani?"

Anandiyang'ana, misozi ikuyenderera chifukwa cha kutentha, n'kuyankha chala chili m'kamwa. "Ndikugwira ntchito."

"Pakamwa panu ndi boti?"

"Bowo ndi bowo, mayi. Mmisiri sapita kwa mnzake ndi ntchito yoti angaithe yekha."

Chodabwitsa n'chakuti dzinolo linagonadi masiku awiri. A Banaba anayenda mudzi wonse mapewa ali m'mwamba, ndipo anauza Che Saidi kuti akanakhala ndi mano otsala oti n'kumata, akanawamatira ulere. Tsiku lachitatu anadzuka tsaya litatupa ngati mango, diso lamanzere likungosuzumira. Thupi linatentha. Sindinawapemphe. Ndinatulutsa malaya awo a kutchalitchi n'kuwaika pamphasa, ndipo iwo anavala.

Pamsewu tinapeza Che Saidi atavala mkanjo woyera, akudikira galimoto. Palibe anawaitana. Anati ali ndi zochita ku boma, koma titatsika ku Mangochi zochitazo sizinaoneke, anangotitsatira mpaka kuchipatala. Pa benchi ya kuchipinda cha mano panali anthu ambiri, aliyense dzanja lili patsaya, ena atamanga nsalu kuzungulira chibwano. Aliyense wotuluka ankatuluka ataluma thonje. A Banaba ankawayang'ana mmodzimmodzi, n'kumangopukusa mutu.

Dokotala wa mano anali mtsikana wa msinkhu wa Esinati, wa Chichewa cha kumpoto. Anandilola kulowa nawo. Anawakhazika pampando, n'kuunika m'kamwa.

"Agogo, mano anu ndi abwino kwambiri. Koma chakudachi mwaika m'dzinomu n'chiyani?"

"Phula."

"Phula wa pamsewu?"

"Wa maboti. Wa pamsewu salimba."

Mtsikanayo anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka anatsamira khoma. Kenako anapepesa, n'kunena mofatsa kuti dzinolo lawola mpaka kumizu, mwalowa mafinya, ndipo palibe njira ina koma kulichotsa. Anati akalisiya, matendawo akhoza kufalikira n'kuwapha.

A Banaba anatsika pampando n'kutenga chipewa chawo. Anati zikomo, koma iwo sanabwere kudzasiya katundu wa Mulungu m'chipatala. Ine ndinkawadziwa kuti akatuluka pakhomo limenelo sadzabwereranso. Anali atagwira kale chitseko pamene dokotalayo anayankhulanso.

"Komatu maganizo anu sanali olakwika, agogo. Ifenso timamata. Mukanabwera bowo likadali laling'ono, tikanalimata, osazula."

Anaima, dzanja lili pachitseko.

"Mwati mumatani?"

"Timamata."

"Mano? Kumata kwenikweni?"

"Kwenikweni. Bwerani muone."

Anawaonetsa zomatira zake m'timabotolo, ndi kachipangizo kolira kokokolera. A Banaba anaiwala kuti ndi wodwala. Anayamba kufunsa ngati akuyankhula ndi mmisiri mnzawo pagombe. Kodi mumayamba mwapala chowola chonse? Mtsikanayo anati inde. Mumaumitsa kaye musanamate? Anati inde, pakakhala chinyontho sizigwira. Zimauma nthawi yaitali bwanji? Munthu angatafunire nzimbe? Atamva zonse anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye ine ndinamata pa thabwa lowola," anatero. "Chinthu chimene ndimakalipira asodzi tsiku ndi tsiku."

Kenako anakwiya. Anafunsa kuti zaka zonsezi bwanji sanatiuze, anthu mpaka kutha mano m'midzi monse. Dokotalayo anati amanena, koma anthu amafika tsaya litatupa kale, ndipo pamenepo chomata palibe. Anavomeranso kuti nthawi zina zomatirazo zimawathera. Anawauza kuti m'kamwa mwawo muli mano ena awiri amene ayamba timabowo, ndipo amenewo angapulumuke.

A Banaba anati avomera kuzulidwa, koma dzinolo abwerera nalo kwawo. Mtsikanayo anati nthawi zambiri mano ozulidwa amatayidwa. Iwo anamufotokozera za ngongole yawo kwa Mulungu, kuti anabwereka onse ndipo adzabweza onse, kaya ena ali m'kamwa kaya m'thumba. Ulendo uno mtsikanayo sanaseke. Atalizula analitsuka bwinobwino, n'kuliika m'kabotolo ka mapilitsi, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Titatuluka, Che Saidi anaimirira pa benchi n'kutambasula manja.

"Takulandirani kwathu kuno, achimwene. Malo alipo ambiri."

A Banaba sakanatha kuyankha chifukwa cha thonje, anangowaloza ndi chala. Koma ndinaona kuti njira yonse yobwerera Che Saidi anawagwirira chipewa, ndipo m'galimoto anakangana ndi kondakitala mpaka mnzawoyo anapatsidwa mpando wakutsogolo kumene sikugwedeza kwambiri.

Mano awiri aja anakamatidwa tsaya litaphwa. Kuyambira pamenepo mudzi uno unasowa mtendere. Msodzi akabwera ndi boti, a Banaba ankayamba ndi mwini wake. Ankamuuza kuti ayasamule, n'kumutembenuzira kudzuwa. Ena ankaseka, ena ankanyansidwa, koma ankayasamula chifukwa womata maboti wina anali kutali. Akaona kadontho kakuda ankati, ili ndi bowo la lero, lisadikire mwera. Anapempha ansembe kuti alengeze m'tchalitchi kuti mano amamatidwa. Kumzikiti anatuma Che Saidi, amene Lachisanu anthu akutuluka ankaima pakhomo n'kuyasamula, n'kumati, amene safuna kumva a Banaba aone kuno.

Kamodzi pamwezi a Banaba ankatsogolera kagulu ka anthu ku boma. Sikuti zonse zinkayenda bwino. Ena ankafika mochedwa ndithu n'kuzulidwa, kenako n'kumati a Banaba anawanamiza. Ulendo wina anapeza zomatira zatha, anthu anabwerera chimanjamanja, ndipo bambo wina sanawapatse moni mpaka nyengo yokolola. A Banaba sanafooke. Ankati nafenso thonje limatithera, koma sitinena kuti maboti asiye kumatidwa. Amene ankamva msanga anali achinyamata ndi amayi a ana aang'ono. Anzawo achikulire ankati zimenezo n'za m'tauni. Masiku ano muli anthu ambiri m'mudzi muno amene amakuonetsa dzino lomatidwa ngati akuonetsa wotchi yatsopano.

A Banaba eni ake anasinthanso zina. Mabotolo anasiya kutsegula ndi mano, ndipo anamangirira chotsegulira ku makiyi a njinga. Esinati atawagulira mswachi wa m'sitolo ndi mankhwala ake, ankayamba ndi wa muzu n'kumaliza ndi wa m'sitolo, ati kuti pasapezeke wodandaula.

Munthu mmodzi amene anawakanika ndine. Ndinkati anga anapita kale, otsalawa angodikira tsiku lawo. Iwo ankati boti likataya matabwa awiri sukhala pansi n'kumaonerera ena akuwola. Ndinkawayankha kuti ine si boti. Ndinkaopa kachipangizo kolira kaja, ndipo ndinkachita manyazi kukayasamula pamaso pa mwana. Anandinyengerera, anandinyoza, anatuma ndi Esinati yemwe kuti adzandiyankhule. Sindinapite.

Kabotolo kaja nakonso tinakanganirana. Poyamba ankakaika pawindo la pabalaza, ndipo mlendo aliyense ankaonetsedwa. Ndinawauza kuti anthu ayamba kunong'ona kuti tikusunga zizimba. Anakasamutsira pamwamba pa khoma la kuchipinda. Tsiku lina ndikusesa kanandigwera pamutu, ndipo ndinakalipa kuti ndikadzakaonanso ndidzakaponya m'chimbudzi. Madzulo ake ndi pamene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndilonjeze za bokosi. Ndinalonjeza, ndipo kuyambira pamenepo sindinkasesanso pamwamba pa khoma limenelo.

Tsono pa tsiku la maliro, kabotolo palibe. Ndinaitana Esinati ndi mchimwene wake Yohane. Tinagudubuza matilesi, tinakhuthula sutikesi, tinasanthula m'zitini za misomali pansi pa mkuyu. Anthu obwera kudzalira ankadabwa kuti namfedwa akufuna chiyani m'bokosi la zida. Achemwali awo a malemu, a Mereya, anandikokera pambali.

"Alamu, zisiyeni. Mulungu wachichotsa yekha chinthucho. Mukufuna anthu azidzati tinaika mchimwene wanga ndi matsenga?"

"Ndinalonjeza, alamu."

"Munalonjeza munthu wanthabwala. Khalani pansi mulire ngati anzanu."

Ndinakhala pansi, koma kulira kwake sikunkatuluka bwino. Ndinkangoona a Banaba akufika kumene akupitako ndi katundu woperewera, chifukwa cha pakamwa panga.

Mawa lake thupi linasambitsidwa, anawaveka jekete lawo la kukwaya, ndipo ansembe anafika. Che Saidi anali asanaoneke. Anali ku Makanjira kogula usipa, ndipo uthenga unawapeza mochedwa. Adzukulu a manda atanyamula chivundikiro kuti atseke bokosi, tinamva lole ikuima pamsewu. Anatulukira akuthamanga mmene nkhalamba ingathamangire, mkanjo uli wofiira ndi fumbi. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Musatseke. Alamu ali kuti?"

Anandipeza pakhomo. Anagwada, n'kutulutsa kampango m'thumba la pachifuwa, n'kumasula mfundo zake. Kabotolo kaja kanali m'menemo.

"Anandisungitsa ine," anatero. "Anati, Saidi, mkazi wanga ndi wabwino koma amasesa kwambiri. Sunga iwe, pakuti kwanu mano ndi osowa, sungalitaye. Ndakhala ndikuyenda nalo kulikonse."

A Mereya anayamba kukana, ati zimenezi sizinachitikepo pamtundu pawo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ansembe anapempha kabotoloko, anakayang'ana padzuwa, n'kufunsa ngati pali wina pamalo pano amene akuti dzinoli ndi lake. Panalibe. Anati ndiye ndi la a Banaba, ndipo munthu saletsedwa kupita ndi chake. Yohane analitenga n'kuliika m'thumba la jekete la bambo ake, n'kumanga batani.

Che Saidi anapukuta maso ndi kampango kaja, n'kuyang'ana anthu onse.

"Zaka zonsezi ndinali ndi mano asanu. Lero ndabwerera pa anayi."

Sindinaonepo anthu akuseka chotero pamaliro. Anaseka amuna, anaseka amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi, anaseka ndi a Mereya omwe atabisa nkhope m'nsalu. Inenso ndinaseka, osatseka pakamwa, ndipo nditatha kuseka m'pamene ndinalira bwinobwino. Kwaya inaimba njira yonse ya kumanda. A Banaba anapita ndi katundu wawo yense.

Pansi pa mkuyu pali zii tsopano. Boti limene analitsamira linakamalizidwa ndi mmisiri wina, ndipo zida Yohane anapita nazo. Patsala mafuwa atatu akuda pamene ankawiritsira phula, ndi dothi lolimba limene udzu ukukana kumerapo. Bawo lili chotsamira tsinde. Che Saidi amabwera nthawi zina, amakhala pa chitsa, ndimawapangira tiyi, amamwa n'kumapita. Masana pamagona mbuzi za aneba.

Koma anthu sanasiye kubwera. Patangotha mwezi umodzi anafika mtsikana wina wa kutsidya kwa msewu, khanda lili kumbuyo, akuti dzino likumunyerenyetsa akamwa madzi ozizira, ndipo sadziwa khomo lolowera kuchipatala cha ku boma. Anaima pansi pa mkuyu n'kumayang'ana uku ndi uku, ngati mwini wake atulukira. Ndinamuuza kuti khomolo ndikulidziwa. Tinapita limodzi, ndipo iye atatuluka, ine ndinalowa. Dokotala wake ndi wina tsopano, mnyamata. Anandipeza ndi mabowo atatu. Awiri anamata, limodzi akuti tiliyang'anire. Kachipangizo kaja kamalira kwambiri kuposa mmene kamapwetekera.

Shuga sindinasiye, ndinangochepetsa. Lachiwiri loyamba la mwezi ndimavala nsalu yanga yabwino n'kukaima pamsewu, ndipo amene dzino layamba kumuvuta timakwera limodzi kupita ku boma.